Kusankha oyilo wa injini: tanthauzo la nambala za pa chigubu kwa oyang'anira galimoto za boma ku Zomba

ZOMBA — M'mawa wa mwezi wa Juni, nkhungu ikakuta phiri la Zomba, dalaivala wa boma yemwe wagona ndi galimoto pa hotela ya Sunbird Ku Chawe amaliza injini manja akunjenjemera ndi chisanu. Galimoto yomweyo, ukafika mwezi wa Okutobala, imapezeka ikukwera zitunda masana dzuwa lili paliwombo, itanyamula anthu ndi katundu kuchokera ku Liwonde kapena m'mbali mwa nyanja ya Chilwa.

Pa maulendo awiri onsewa, chomwe chimatchinjiriza zitsulo za m'kati mwa injini kuti zisadyane ndi oyilo wa malita owerengeka chabe. Komabe si zachilendo kuona kalata yopempha kugula oyiloyo italembedwa kuti "oyilo wa injini, malita 20" osatchula mtundu wake, ndipo mkulu wovomereza n'kusayina poganiza kuti oyilo ndi oyilo basi.

Zotsatira zake sizioneka tsiku lomwelo. Injini yomwe ikumwa oyilo wosayenera imatha pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina imanoka. Ikatero, ndalama zoikonzera zimaposa kutalitali mtengo wa zigubu zonse za oyilo zomwe ikadamwa pa zaka zambiri, ndipo ngati ndalamazo sizidaikidwe mu bajeti, galimotoyo imakhala miyezi ili pa miyala kuseri kwa ofesi. Ikakhala ambulansi, amene amavutika ndi mayi woyembekezera wa ku Jali kapena ku Mayaka yemwe akufunika kufika msanga pa chipatala chachikulu cha Zomba.

Ngakhale likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe m'chaka cha 1975, mzinda wa Zomba udakali ndi nthambi zambiri za boma monga ofesi yoona za kalembera ya NSO, bungwe la mayeso la MANEB, nthambi yosindikiza mabuku a boma, nthambi yofufuza za miyala ndi migodi komanso sukulu ya ukachenjede ya University of Malawi. Nthambi zonsezi zimadalira galimoto, ndipo galimoto zake ndi zosiyanasiyana pa msinkhu, mtundu ndi ntchito.

Ntchito ya oyilo m'injini

M'kati mwa injini muli zitsulo zomwe zimazungulira kapena kukwera ndi kutsika maulendo masauzande pa mphindi imodzi. Mpata wa pakati pa zitsulozi, makamaka m'maberingi, nthawi zambiri umachepa kuposa kukula kwa tsitsi limodzi la munthu. Pampu imakankhira oyilo m'mipata imeneyi kuti chitsulo chiziyandama pa oyilo m'malo mokhudzana ndi chinzake.

Kupatula apo, oyilo amachotsa kutentha pa mapisitoni ndi malo ena omwe madzi a mu rediyeta safikako, amakokolola mwaye ndi tizidutswa ta zitsulo n'kukatisiya mu fyuluta, amathandiza maring'i kutseka mipata kuti mphamvu isathawe, komanso amalimbana ndi asidi yemwe amayambitsa dzimbiri.

Kuti ntchito zonsezi zitheke, oyilo ayenera kukhala wopepuka mokwanira kuti afike paliponse msanga injini ikangolira, komanso wolemera mokwanira kuti asafinyike n'kuthawa pakati pa zitsulo injini ikatentha. Amakaniko akamanena za oyilo wolemera kapena wopepuka satanthauza kulemera kwa pa sikelo. Iwo amanena za momwe oyiloyo amayendera, chinthu chomwe akatswiri amachitcha viscosity pa Chingerezi. Madzi amayenda mofulumira pomwe uchi umayenda monyinyirika, koma uchi womwewo ukauika padzuwa umayamba kuyenderera. Oyilo nayenso amatero: akazizira amalemera, akatentha amapepuka.

Tanthauzo la nambala

Nambala zomwe zimalembedwa pa chigubu, monga 5W-30, 15W-40 kapena 20W-50, zimachokera ku muyeso womwe bungwe la akatswiri a zagalimoto la SAE la ku America lidakhazikitsa. Bungweli lidayamba kugawa oyilo m'magulu m'chaka cha 1911, ndipo muyeso wake, womwe lero umadziwika kuti SAE J300, ndi womwe makampani opanga oyilo amatsatira pa dziko lonse.

Poyamba oyilo ankakhala ndi nambala imodzi yokha, monga SAE 30 kapena SAE 40, ndipo m'mayiko ozizira anthu ankasintha mtundu wa oyilo nyengo ikasintha. M'zaka za m'ma 1950 kudabwera oyilo wa nambala ziwiri, yemwe amathiridwa mankhwala omuthandiza kuti asapepuke kwambiri akatentha. Oyilo wotere amagwira ntchito chaka chonse.

Nambala yoyamba, yomwe imatsatidwa ndi chilembo cha W, imanena za momwe oyilo amayendera kukazizira. Chilembocho chikuimira mawu a Chingerezi otanthauza nyengo yachisanu. Nambalayi ikakhala yaing'ono ndiye kuti oyiloyo amayenda msanga m'mawa. Oyilo wa 20W amayesedwa pa madigiri 15 pansi pa ziro, wa 15W pa madigiri 20, wa 10W pa madigiri 25, wa 5W pa madigiri 30, pomwe wa 0W amayesedwa pa madigiri 35 pansi pa ziro.

Nambala yachiwiri imanena za kulemera kwa oyilo injini ikatentha, ndipo imayesedwa pa madigiri 100. Muyeso wake umatchedwa centistoke. Pofuna kuyerekeza, madzi akumwa amakhala pafupifupi pa centistoke imodzi. Oyilo wa nambala 20 amakhala pakati pa 6.9 ndi 9.3, wa 30 pakati pa 9.3 ndi 12.5, wa 40 pakati pa 12.5 ndi 16.3, pomwe wa 50 amakhala pakati pa 16.3 ndi 21.9. Palinso mayeso ena a pa madigiri 150 omwe amaona ngati oyiloyo angapirire akamafinyidwa mwamphamvu m'maberingi.

Izi zikusonyeza kuti oyilo wa 5W-40 ndi wa 15W-40 amafanana injini ikatentha, ndipo amasiyana m'mawa mokha. Koma wa 5W-30 ndi wa 5W-40 amayandikana m'mawa n'kudzasiyana injini ikatentha.

Nambala za oyilo wa m'giyabokosi ndi mu difu, monga 80W-90, zimatsatira muyeso wina. Oyilo wa magiya wa nambala 90 amalemera mofanana ndi oyilo wa injini wa 40 kapena 50, koma mankhwala ake ndi osiyana kotheratu, choncho sayenera kulowa m'injini ngakhale pang'ono.

Chisanu cha pa phiri

Mzinda wa Zomba uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 950 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe nsonga ya Malumbe pa phiri la Zomba imapitirira mamita 2,000. Kawirikawiri munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena 7. N'chifukwa chake m'miyezi ya Juni ndi Julayi, makamaka kukachita chiperoni, anthu a m'tauni akamavala majuzi, a pa phiri amakhala ali pa moto.

Ngakhale zili choncho, chisanu cha pa phiri la Zomba sichiyandikira n'komwe madigiri 15 kapena 20 pansi pa ziro. Choncho palibe oyilo wa nambala ziwiri yemwe angaundane mpaka kulepheretsa injini kulira. Ena amatengera mfundo imeneyi n'kunena kuti nambala ya W ilibe ntchito kuno kwathu, koma nkhani yake sithera pamenepo.

Pa madigiri 40, komwe ndi kutentha kwa masana a ku chigwa cha Shire, oyilo wa 5W-30 amakhala pa macentistoke 60 kapena 70, wa 15W-40 amapitirira 100, pomwe wa 20W-50 amafika 150 kapena kuposerapo. M'mawa wa pa phiri, kutentha kukatsika kufika pa madigiri 10, kusiyana kumeneku kumakula kwambiri ndipo oyilo wa 20W-50 amalemera kangapo kuposa wa 5W-30.

Mfundo yofunika kuigwiritsa ndi yoti m'mawa palibe oyilo wopepuka mopyola muyeso. Ngakhale wa 0W-20, yemwe ambiri amati ndi wamadzimadzi, m'mawa wa Juni amakhala wolemera kangapo kuposa momwe wa 20W-50 amakhalira injini ikatentha. Pa nthawi imeneyi vuto la injini iliyonse ndi kuchedwa kwa oyilo kufika pamwamba pomwe pali mavalavu, ndipo gawo lalikulu la kudyana kwa zitsulo limachitika injini isanatenthe. Oyilo wolemera amatalikitsa nthawi imeneyi, amavutitsanso sitata ndi batire.

Chikweza ndi kutentha

Kukwera phiri la Zomba ndi ntchito yaikulu kwa injini. Msewu wake ndi wokhotakhota, galimoto imayenda pa giya yaing'ono, injini imazungulira kwambiri pomwe mphepo yoiziziritsa imachepa kaamba koti liwiro ndi lochepa. Kuonjezera apo, mpweya wa pamwamba ndi wopepuka. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi zitatu pa 100 zilizonse ikakwera mamita 300, zomwe zimachititsa dalaivala kupondetsa kwambiri. Apa ndi pomwe nambala yachiwiri imagwira ntchito yake.

Komabe kutentha kwa kunja sikusintha kwambiri kutentha kwa m'kati mwa injini yabwinobwino. Chipangizo cha themositati chimasunga madzi a injini pa madigiri a pakati pa 80 ndi 95, kaya galimoto ili pa damu la Mulunguzi m'mawa kapena pa mlatho wa Liwonde masana. Oyilo amakonda kukhala pakati pa madigiri 90 ndi 110, ndipo pa chikweza amakwera kuposerapo. Opanga injini amawerengera zonsezi posankha nambala yomwe amalemba m'buku la galimoto, ndipo amayesa injini zawo m'zipululu zotentha kuposa dera lililonse la m'boma la Zomba.

Mchitidwe wochotsa themositati poganiza kuti dziko lathu ndi lotentha umabweretsa vuto lina. Injini imachedwa kutentha, ndipo potsika phiri imazizira kwambiri, kotero oyilo safika pa kutentha kofunika kuti madzi ndi mafuta omwe alowamo auluke.

Kwa galimoto za turbo pali langizo lapadera. Turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi ndipo imadalira oyilo kuti izizire. Dalaivala akangofika pamwamba n'kuzimitsa injini nthawi yomweyo, oyilo yemwe watsalira mu turbo amapserera n'kusanduka makala omwe amatseka timapaipi. Ndi bwino kuisiya injini ikulira pang'onopang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri musanaizimitse.

Chikhulupiriro cha oyilo wolemera

Madalaivala ndi amakaniko ambiri akale amakhulupirira kuti oyilo wolemera ndiye wamphamvu. Chikhulupiriro chimenechi chili ndi gwero lake. M'masiku omwe Zomba idali likulu la dziko, m'misewu munkayenda ma Land Rover, ma Peugeot ndi malole a Bedford omwe injini zake zidali ndi mipata yokulirapo, ndipo mabuku ake ankatchula oyilo wa SAE 30, SAE 40 kapena 20W-50. Pa injini zimenezo langizoli lidali loona.

Injini za masiku ano zidasintha. Mipata ya m'maberingi idachepa, timisewu ta oyilo tidang'onopa, ndipo injini zambiri zili ndi zipangizo zomwe zimagwiritsa ntchito mphamvu ya oyilo posintha nthawi yotsekula mavalavu, monga VVT-i ya Toyota ndi VTEC ya Honda. Tcheni cha m'injini nachonso chimakungidwa ndi mphamvu ya oyilo. Oyilo akalemera kuposa momwe injini idapangidwira, zipangizozi zimachedwa kuyankha, tcheni chimachita phokoso m'mawa, nyali yochenjeza imatha kuyaka ndipo galimoto imamwa mafuta ochulukirapo. Kusiyana kwa mafutaku kawirikawiri sikupitirira malita awiri pa 100 aliwonse, koma pa nthambi ya galimoto zambiri, pakutha pa chaka zimakhala ndalama zooneka.

Makampani akupitirizabe kupepukitsa oyilo. Nambala ya 16 idaonjezedwa pa muyeso wa SAE m'chaka cha 2013, ndipo za 12 ndi 8 zidabwera mu 2015. Galimoto zambiri zing'onozing'ono zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera ku Japan, monga Toyota Vitz, Toyota Sienta, Honda Fit ndi Nissan Note, zomwe ogwira ntchito m'boma ambiri amagula ndi ndalama zawo, zidapangidwira oyilo wa 0W-20 kapena 5W-30. Kuthira 20W-50 m'galimoto zotere ndi kuzilanga.

Mbali inayi ilinso ndi ngozi yake. Oyilo wa 0W-20 akathiridwa m'injini yakale ya dizilo yomwe idapangidwira 15W-40, amafinyika pa chikweza, mphamvu ya pampu imatsika ndipo maberingi amayamba kudyeka. Choncho oyilo wodula kapena wamakono sakhala wabwino kwa injini iliyonse.

Nanga injini yomwe yayenda mtunda wautali ndipo yayamba kudya oyilo? Mabuku ambiri a galimoto amapereka mitundu iwiri kapena itatu yololedwa. Ndi zololeka kukwera sitepe imodzi m'kati mwa mitundu yololedwayo, mwachitsanzo kuchoka pa 5W-30 kufika pa 5W-40 ngati buku likuvomereza. Koma utsi wobiriwira wotuluka ku ekizozi ndi chizindikiro choti maring'i kapena masilo a mavalavu atha, ndipo oyilo wolemera amangobisa matendawo kwa kanthawi.

Zilembo zomwe ambiri saziwerenga

Nambala za SAE zimanena za kulemera kokha. Ubwino wa mankhwala a mu oyilo umaoneka pa zilembo zina zomwe zimakonda kulembedwa kumbuyo kwa chigubu. Zodziwika kwambiri ndi za bungwe la API la ku America. Zilembo zoyamba ndi S ndi za injini za petulo, pomwe zoyamba ndi C ndi za injini za dizilo, ndipo chilembo chachiwiri chikamapita patsogolo ndiye kuti muyesowo ndi watsopano.

Ku mbali ya petulo, SL idabwera m'chaka cha 2001, SM mu 2004, SN mu 2010, SP mu 2020 ndipo SQ idatuluka mu 2025. Ku mbali ya dizilo, CH-4 idabwera mu 1998, CI-4 mu 2002, CJ-4 mu 2006 ndipo CK-4 mu 2016. Pa injini za petulo, muyeso watsopano umalowa m'malo mwa wakale popanda vuto, koma wakale sungalowe m'malo mwa watsopano.

Galimoto za ku Ulaya zimatchula muyeso wa ACEA, pomwe za ku Japan nthawi zina zimatchula JASO. Galimoto zina za dizilo zatsopano zili ndi sefa yogwira mwaye mu ekizozi yotchedwa DPF. Zoterezi zimafuna oyilo wosiya phulusa lochepa, monga wa gulu la C pa muyeso wa ACEA kapena DL-1 pa muyeso wa JASO. Oyilo wamba wa dizilo, ngakhale nambala zake zitakhala zolondola, amatseka sefayi pakapita nthawi, ndipo kugula ina ndi ndalama zambiri.

Apa ndi pomwe pamaoneka kuopsa kogula diramu imodzi ya oyilo kuti imwetse galimoto zonse za pa ofesi. Toyota Land Cruiser ya injini ya 1HZ, yomwe idayamba kupangidwa mu 1990 ndipo ndi yodziwika pa ntchito ya ambulansi, imayenda bwino ndi oyilo wa dizilo wa 15W-40. Toyota Hilux ya injini za GD, zomwe zidayamba mu 2015, imafuna kuti munthu ayambe waona ngati ili ndi DPF kapena ayi asanasankhe oyilo. Galimoto yaing'ono ya petulo yoyendera abwana ili ndi zofuna zake.

Njinga zamoto zomwe alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo amayendera m'midzi nazonso ndi zapadera. Pa njinga zambiri oyilo mmodzi yemweyo amatumikira injini, magiya ndi kilatchi, choncho pamafunika wa muyeso wa JASO MA kapena MA2. Oyilo wa galimoto wokhala ndi mankhwala oterereka kwambiri amachititsa kilatchi kutsetsereka. Njinga zomwe oyilo wake amasakanikirana ndi petulo zimafuna wolembedwa kuti 2T.

Nthawi yosintha oyilo

Mabuku a galimoto amapereka ndondomeko ziwiri za sevisi, ina ya ntchito wamba ndi ina ya ntchito yolemetsa, ndipo ya ntchito yolemetsa imakonda kukhala theka la mtunda wa inzakeyo. Mwa zomwe opanga galimoto amaziika m'gulu la ntchito yolemetsa muli kuyenda m'misewu yafumbi, kukwera mapiri, kunyamula katundu wambiri, kusiya injini ikulira galimoto itaima komanso maulendo afupiafupi.

Galimoto ya boma ya ku Zomba imakumana ndi pafupifupi zonsezi. Imapita ku Chingale kapena ku Kachulu pa fumbi, imakwera phiri pa nthawi ya misonkhano, ndipo masiku ena imangoyenda kuchoka pa ofesi kupita ku banki kapena ku positi ofesi n'kubwerera, injini isanatenthe n'komwe.

Maulendo afupiafupiwa amaoneka opepuka koma ndi omwe amaononga oyilo msanga. Mafuta akamayaka amatulutsa nthunzi ya madzi, ndipo injini ikakhala yozizira, madziwo pamodzi ndi mafuta osapsa amatsikira mu oyilo. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira m'chaka cha 1982, ndipo ethanol amakoka madzi. Ulendo wautali ngati wa ku Blantyre umathandiza kuti zonsezi ziuluke, koma galimoto yongozungulira m'tauni imazisunga mpaka zimasanduka matope m'injini. N'chifukwa chake oyilo amasinthidwa potengera makilomita kapena miyezi, chomwe chayamba kukwana, ndipo fyuluta imasinthidwa nthawi yomweyo.

Oyilo wa dizilo akada patangopita masiku ochepa, si chizindikiro choti ndi wachabe. Ndiye kuti akugwira ntchito yake yonyamula mwaye. Chimodzimodzinso, kupima oyilo ndi zala sikungauze munthu nambala yake.

Popima kuchuluka kwa oyilo, galimoto iyenera kuima pa malo athyathyathya ndipo injini ikhale itazima kwa mphindi zingapo. Langizoli ndi lofunika kwambiri ku Zomba komwe maofesi ndi nyumba zambiri za boma zili m'mbali mwa phiri, pa malo otsetsereka omwe amanamiza kachitsulo kopimira. Kuthira mopyola mzere wa pamwamba kumachititsa oyilo kuchita thovu ndipo kumaononga masilo. Oyilo akachepa muli pa ulendo ndipo mtundu woyenera palibe, ndi bwino kuonjezera wa nambala yoyandikana nayo kusiyana ndi kuyenda ndi oyilo wochepa, kenako n'kudzasintha yense mukafika.

Udindo wa ogula ndi ovomereza

Akale adati safunsa adadya phula. Mkulu wovomereza ndalama sayenera kukhala makaniko, koma ali ndi ufulu komanso udindo wofunsa mafunso ochepa asanasayine.

Choyamba, galimoto iliyonse ikhale ndi mtundu wa oyilo wake wolembedwa pa tsamba loyamba la logibuku, potengera buku la kampani yomwe idaipanga. Ngati bukulo lidatayika kapena lili m'Chijapani, nambala zimawerengeka ndithu chifukwa zimalembedwa chimodzimodzi, ndipo pa galimoto zina zimapezeka pa chotsekera pothirira oyilo kapena pa chikalata chomatidwa kunsi kwa boneti. Kukavuta, makampani ogulitsa mtundu wa galimotoyo angathandize akapatsidwa nambala ya chasisi, chimodzimodzinso akatswiri a nthambi ya boma ya PVHES, yomwe ambiri amaidziwabe ndi dzina lakale la PVHO.

Chachiwiri, kalata yogulira itchule zinthu zitatu: nambala za SAE, muyeso wa API, ACEA kapena JASO, ndi kuchuluka kwa malita. Mwachitsanzo, ilembedwe kuti "SAE 15W-40, API CI-4 kapena woposerapo, malita 20". Kalembedwe kotere kamagwirizana ndi mfundo za kagulidwe ka katundu wa boma, zomwe bungwe la PPDA limayang'anira, zolimbikitsa kufotokoza katundu potengera muyeso wake m'malo mwa dzina la kampani. Kamathandizanso komiti yogula kufananiza mitengo ya zinthu zofanana, chifukwa wotchipa pa makotesheni atatu akhoza kukhala akugulitsa oyilo wa muyeso wakale.

Chachitatu, wolandira katundu aonetsetse kuti zomwe zili pa chigubu zikufanana ndi zomwe zili pa kalata, kuti chotsekera sichidatsekulidwepo, komanso kuti pali nambala ya gulu lomwe oyiloyo adapangidwira. Oyilo wopimidwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu alibe umboni uliwonse wa mtundu wake, ndipo akhoza kukhala wakale wongosefedwa. Pakakhala chikaiko pa ubwino wa katundu, bungwe loona za miyeso la Malawi Bureau of Standards ndi lomwe lili ndi udindo wofufuza.

Chachinayi, galimoto ikapita ku galaja, invoisi ionetse mtundu wa oyilo yemwe wathiridwa, makilomita a tsikulo ndi nthawi ya sevisi yotsatira. Pa galimoto zatsopano zolembazi ndi zofunika kwambiri, chifukwa kampani ikhoza kukana kukonza ulere injini yomwe yaonongeka ngati palibe umboni woti inkamwa oyilo woyenera.

Komwe oyilo wakutha amapita

Nkhani ya oyilo sithera pomwe watsitsidwa m'injini. Oyilo wakutha amakhala ndi tizidutswa ta zitsulo ndi mankhwala oopsa, ndipo kumukhudza kawirikawiri ndi manja kungayambitse matenda a khungu kuphatikizapo khansa. Akatswiri a zachilengedwe amawerengera kuti lita imodzi ikhoza kuononga madzi okwana malita miliyoni imodzi.

Kwa anthu a ku Zomba chiwerengero chimenechi chili ndi tanthauzo lapadera. Pa phiri pali damu la Mulunguzi lomwe limamwetsa mzinda wonse, ndipo ngalande za m'tauni zimathira mu mtsinje wa Likangala womwe umakathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, kotero chilichonse cholowamo chimakhala momwemo, pakati pa matemba ndi minda ya mpunga zomwe mabanja ambiri amadalira.

Lamulo loteteza chilengedwe la m'chaka cha 2017, lomwe lidakhazikitsa bungwe la MEPA, limaletsa kutaya zinthu zoononga chilengedwe mwachisawawa. Nthambi za boma ziyenera kukhala patsogolo posunga oyilo wakutha m'madiramu otseka bwino, pa malo a simenti komanso pa mthunzi, kufikira atatengedwa ndi omwe ali ndi chilolezo, ndipo pochita mgwirizano ndi galaja ndi koyenera kufunsa komwe galajayo imapititsa oyilo ndi mafyuluta akutha.

Galimoto ya nambala ya MG idagulidwa ndi msonkho wa Amalawi, ndipo zaka zomwe ingatumikire zimadalira kwambiri zomwe zimalembedwa pa kalata yaing'ono yogulira oyilo. Kalata yotsatira ikafika pa tebulo, ndi bwino kuyamba mwafunsa kuti oyiloyo ndi wa galimoto iti, buku lake likuti chiyani, ndipo nambala ndi zilembo zomwe zalembedwazo zikugwirizana nalo kapena ayi.